Mmene mungadzazire kope ndi zolemba muli konkuno ku Mangochi

Mwana wa achemwali anga, amene wangolemba kumene mayeso a Fomu 4, anabwera kwathu madzulo ena nkundifunsa kuti amalume, inuyo ndakatulo ndi timasewero tanuti mumazitenga kuti, ine ndikangogwira bolopeni mutu umauma gwaa ngati usipa wa pathandala. Ndinamufunsa kuti sabata imeneyo wawerenga chani, wamvera chani, akuti palibe amalume, bandulo inatha Lolemba. Nde vuto la ambiri lili pomwepo, tinazolowera kuganiza kuti nzeru zolembera zimakhala mufoni, bandulo ikatha nazonso zatha, chonsecho tikukhala m'boma loti mawu amachita kugwa pansi ngati mango a mu Disembala, owatola palibe. Zomwe ndinamuuza mnyamatayo ndi zomwe ndikulemba apazi, motsata ndondomeko yomwe ineyo ndimayendera. Ndalama sizifunika zambiri ayi, chofunika ndi khutu, miyendo ndi kope.

Sitepe yoyamba, pezani kope ndi pensulo

Gulani kope laling'ono la chikuto cholimba, lija timati hadikava, loti likwane m'thumba kapena m'kachikwama. Mugulenso pensulo, osati bolopeni. Kuno kwathu mu Okutobala thukuta limachita kuyenderera, komanso muzikhala mukupita kunyanja, inki ikangonyowa imafalikira tsamba lonse pomwe pensulo olo kope linyowe mumangoliyanika padzuwa mawu ali pompo. Muziliika m'kapepala kapulasitiki kaja kamatsala shuga akatha.

Kutsogolo kwa kope muzilemba zomwe mwamva ndi makutu anu, kumbuyo muyambire tsamba lomaliza kumabwerera, muzilemba zomwe mwawerenga. Tsiku lomwe mbali ziwirizi zidzakumane pakati ndiye kuti kope latha, mugule lina. Chilichonse chikhale ndi deti ndi malo, koma dzina la munthu ayi, mungolemba kuti mayi wa zitumbuwa pa depoti, kapena mkulu wosoka maukonde. Ndipo lembani mmene munthuyo wanenera, musamukonzere. Akasakaniza Chiyao ndi Chichewa monga timachitira kuno inunso sakanizani momwemo, chifukwa kukoma kwake kuli pomwepo, mukakonza kuti chikhale Chichewa cha m'kalasi mwachipha.

Ena afunsa kuti bwanji osangosunga mufoni. Ine ndinali ndi foni momwe munali mawu a agogo anga aakazi akusimba nthano zisanu ndi imodzi, inagwera m'madzi ndikutsika boti, agogowo anatisiya chaka chotsatira. Mpaka lero chimandiwawa. Ndinatsala ndi nthano ziwiri zokha, zomwe ndinazikopera m'kope usiku womwe anasimbawo.

Sitepe yachiwiri, lawirani ku doko

Apa ndi pomwe pali chuma chenicheni, nde ndichedwapo pang'ono. Sankhani doko lomwe muli nalo pafupi, kaya ndi Makawa, kaya Msaka, Malembo, Chembe, kaya m'mbali mwa Shire kapena ku Malombe, mufikeko kusanache maboti asanakocheze. Musafike kope lili m'manja, anthu angakuyeseni a fisharizi kapena a bungwe ndipo pakamwa atseka, kapena ayamba kuyankhula Chichewa cha pamsonkhano. Gulani tiyi kapena kamulu ka usipa, khalani pambali ngati wina aliyense wodikira, nkumangomvetsera. Kulemba mukalembera pamthunzi mutachokapo, pasanathe ola limodzi mawu asanazizire.

Tsiku loyamba tolani mayina basi. Muona kuti msodzi sanena kuti ukonde, amanena kuti chilimira, khoka, matchera, nkacha, ndipo chilichonse chili ndi kagwiridwe kake. Sanena kuti mphepo, amati mwera, ija yochokera kummwera miyezi yozizira yomwe imagoneka maboti pamtunda masiku angapo, kapena mpoto, kapena vuma. Chambo chaching'ono ndi kasawala, usipa waung'ono ndi bonya, ndiye pali utaka, kambuzi, mcheni, kampango, bombe, mlamba. Funsani mwaulemu kuti kauni, usodzi wa usiku wa nyali, amayenda bwanji, akuuzani za siginala amene amakhala m'bwato ndi nyali usiku wopanda mwezi kukopa usipa, iyeyo ndi amene amauza alovi, anyamata ogwira ntchito m'boti, nthawi yoponya chilimira, akalakwitsa onse abwerera chimanjamanja. Ku Malombe funsani za nkacha, mumva zoti pamakhala munthu wobira pansi pa madzi kukamanga ukonde kunsi kuti nsomba zisathawe. Tangoganizani, munthu amene ntchito yake ndi kubira mumdima wa pansi pa nyanja tsiku ndi tsiku, amaganiza chani ali pansipo, mkazi wake amagona bwanji. Imeneyo ndi nkhani yathunthu yomwe palibe wa ku Lilongwe angakulembereni.

Tsiku lachiwiri mverani kanenerera ka mitengo. Amayi ogula nsomba ali ndi pakamwa pothwa kuposa alakatuli ambiri omwe timawaombera m'manja. Tsiku lina mwezi ukuwala, usipa utasowa, ndinamva mayi wina atauzidwa mtengo wa ndowa, anangoyika beseni lake pansi, kumanganso chitenje, nkunena kuti "usipa wa lerowu ukunyada ngati mkamwini wochokera ku Joni." Doko lonse linafa nako kuseka, mwini boti yemwe. Taonani mmene chiganizo chimodzi chanyamulira zinthu, muli kudula kwa nsomba, muli chikamwini, muli anyamata athu ambirimbiri omwe amapita ku South Africa nkubwera ndi njinga zamoto ndi mawailesi, muli kaduka pang'ono ndi chikondi pang'ono. Ndinachilemba, ndipo chinakhala m'kope miyezi isanu ndi itatu mpaka chinadzakhala poyambira kasewero kena.

Mukapitenso mu Novembala kapena Disembala nthawi yomwe usodzi wa maukonde ena umatsekedwa kuti chambo chiswane, mukamve mmene doko limayankhulira likakhala pa njala. Mawu ake amasintha, nthabwala zimachepa, nkhani za ngongole zimachuluka.

Ngati nyanja ili kutali nanu musadandaule, pali pachigayo, pamjigo, pabawo, pa siteji ya kabaza, mu minibasi ya ku Namwera pokwera phiri lija aliyense akupemphera mwa chipembedzo chake. Muzikoperanso mawu olembedwa pa maboti, kumbuyo kwa malole ndi pa makoma a magolosale, mwini wake anaganiza nthawi yaitali asanalipire wolemba.

Sitepe yachitatu, khalani pansi ndi akuluakulu

Izi sizithamangiridwa. Pitani ndi kenakake m'manja, paketi ya shuga kapena sopo, perekani moni mokwanira, ngati ndi Ayao ndipo ndi mmawa yambani ndi "ajimwiche uli anganga" olo Chiyao chanu chili chothyokathyoka, akondwa ndithu. Khalani pansi kapena pa mpando wotsika kuposa wawo. Ulendo woyamba foni isatuluke.

Cholakwika chomwe ambiri timachita ndi kufunsa funso lalikulu, loti agogo tatiuzeni mbiri ya kuno. Funso lotere amayankha kuti aaa ife sitinapite kusukulu. Funsani kanthu kakang'ono komwe anakagwira ndi manja. Mlatho usanamangidwe munkawoloka bwanji Shire? Tsiku loyamba kuona Ilala munavala chani? Sitima imeneyi inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, nde amene anaiona ili yatsopano atsala ochepa kwambiri, afuneni. Pa njala ya 1949 amayi anu ankaphika chani? Ngati ndi abambo omwe anapita ku migodi, afunseni za ulendo wa Wenela, zomwe anagula ndi malipiro oyamba, komanso komwe anali mu 1974 pomwe ndege yonyamula anthu a ku migodi inagwa ku Francistown, Kamuzu nkuimitsa zolemba anthu ntchito. Mukafunsa chonchi nkhani imadzimasula yokha, inu ntchito yanu ndi kuvomera basi, eee, kenako, nanga iwo anati chani. Akakhala chete musathamangire kudzaza mpatawo, nthawi zambiri mawu olemera amabwera pambuyo pa kachetechete ameneyo.

Nthano pemphani madzulo, ana ali pomwepo, chifukwa nthano yopanda ovomera kuti "tili tonse" siyenda, ndipo nyimbo ya mkati mwake imafuna gulu. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu ndi pomwe mungapemphe kuti agogo, ndingajambule mawu anu kuti adzukulu adzamve? Akakana, zathera pompo. Akalola, ikani foni pa mphasa pafupi nawo osati kuwalozetsa kukamwa, ndipo usiku womwewo mukopere m'kope ndi kutumiza mawuwo kwa m'bale wanu pa WhatsApp kuti akhale malo awiri.

Chinthu chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Za ku ndagala komwe kumakhala anamwali, za jando ndi nsondo, zomwe eni ake amati sizinenedwa pabwalo, zisiyeni. Manganje ovinidwa pamsewu anamwali akutuluka ndi a tonse, onerani, mverani, lembani. Koma zamkati si zanu zoti mukapangire dzina, ndipo mukangochita kamodzi mudzi wonse udzakutsekerani pakamwa.

Sitepe yachinayi, yendani pa boma ngati mlendo

Ambiri timadutsa pa raundabauti ya pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi tsiku lililonse osaimapo. Tsiku lina tsikani pa kabaza muwerenge zolembedwa pamenepo. Tauni inoyi inayamba mu 1891 ndi dzina loti Fort Johnston. Nsanja ya wotchi yomwe ili pamenepo inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Mfuti yaikulu ili pambaliyo inali pa sitima yotchedwa Guendolen, yomwe mu Ogasiti 1914 inakaombera sitima ya Majeremani, Hermann von Wissmann, ili pa gombe la Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene. Pomwepo palinso chikumbutso cha sitima ya Vipya yomwe inamira pa 30 Julaye 1946 kumpoto kwa nyanja, anthu 145 nkutaya miyoyo. Mukatero lowani mu Lake Malawi Museum, ili pafupi pomwepo, muone zida za usodzi ndi za masitima akale.

Tsono musangokopera madeti ngati notsi za Histore. Sankhani munthu mmodzi yemwe mabuku sanamutchule. Mnyamata amene ankaponya nkhuni mu injini ya Guendolen. Mayi amene anaperekeza mwamuna wake kukakwera Vipya atamuphikira kamba wa paulendo. Kapena mu Febuluwale 1965 pomwe gulu la a Masauko Chipembere, loukira boma la Kamuzu, linalowa pa boma pano usiku kenako nkukakanika kuwoloka pa Liwonde, ganizani za mwana amene anadzutsidwa ndi phokoso usiku umenewo. Lembani tsamba limodzi ngati ndinu munthu ameneyo. Ine pa Vipya ndinalembapo katatu ndipo sindinathane nayo.

Sitepe yachisanu, werengani, koma mokweza

Zoti kuno kulibe mabuku ndimazimva kawirikawiri, ndipo nzoona kuti ndi ochepa, koma ochepawo sitinawamalize. Yambani ndi zomwe zili pafupi. Weekend Nation imakhala ndi gawo la Chichewa la Tamvani, Malawi News ili ndi Tikambe, olo nyuzi yakale yomwe agulitsira mandasi ili ndi ntchito, muziona mmene atolankhani amamasulirira nkhani za ndale ndi za chuma, pena amakhoza pena mumachita kumva Chingerezi chikununkha pansi pa chiganizo, ndipo kuzindikira fungo limenelo ndi phunziro lalikulu kwa wolemba. Kenako pemphani mabuku a Chichewa a ku sekondale kwa omwe anamaliza sukulu, ambiri angowaunjika m'katoni akudyedwa ndi chiswe. Muwawerengenso popanda mantha a mayeso, muona kuti ndi ena.

Chinthu china chomwe chinandithandiza kwambiri, tengani ndime imodzi mu Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, muyerekeze ndi ndime yomweyo mu Buku Loyera la mu 1998. Nkhani ndi imodzi koma Chichewa chake ndi cha mibadwo iwiri, muona mawu omwe anafa, mawu omwe analowa, ndi mmene chiganizo chimafupikira. Anzanga achisilamu, omwe ndi ambiri kuno, Qur'an yomasuliridwa m'Chichewa iliponso, mverani mmene womasulira analimbanirana ndi mawu a Chiarabu kuti akhale pansi m'chiyankhulo chathu. Mukapeza Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba, olo wobwereka kwa aphunzitsi, tsegulani paliponse muwerenge tsamba limodzi patsiku.

Anthu awiri okha ndiwatchule chifukwa akukhudza ife a kuno. Mu 1919 wansembe wa Anglican, Yohanna Abdallah, anatulutsa buku la mbiri ya Ayao lolembedwa m'Chiyao, Chiikala cha Wayao, zaka zoposa 100 zapitazo munthu anaona kale kuti chiyankhulo chimenechi ndi choyenera buku. Winayo ndi Jack Mapanje, mlakatuli wodziwika dziko lonse lapansi, anabadwira m'mudzi wa Kadango m'boma lomwe lino mu 1944, anamangidwa mu 1987 nkukhala ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Amalemba m'Chingerezi, koma mukamawerenga mupezamo nyanja yomweyi ndi mbalame zomwezi. Mnyamata wa achemwali uja nditamuuza zoti munthu ameneyu ndi wa konkuno anakhala kaye chete, ankaganiza kuti olemba mabuku amabadwira ku Blantyre.

Kawerengedwe kake nkotere. Ulendo woyamba werengani kuti mumve nkhani. Ulendo wachiwiri sankhani tsamba limodzi muwerenge mokweza, pakhonde kapena pansi pa mtengo, chifukwa Chichewa ndi cha khutu, chiganizo chopunduka lilime limapunthwapo lokha. Pomwe pakukomerani imani, mukopere ndime imeneyo ndi dzanja kumbuyo kwa kope, pansi pake mulembe chifukwa chomwe yakomera, osangoti ndi yabwino ayi, nenani kuti wayamba ndi mwambi, kapena wabwereza liwu limodzi katatu, kapena sananene kuti munthuyo wakwiya wangoti anasiya nsima m'mbale.

Za kusowa kwa mabuku, pezani anzanu atatu kapena anayi, aliyense agule limodzi pa kaunjika wa mabuku kapena akapita ku Zomba ndi ku Blantyre, muzisinthana pa masabata awiri aliwonse. Mukhale ndi pepala lolemba yemwe watenga ndi tsiku lobweza, popanda pepala limenelo gulu limatha ndi chidani, ndinazionapo.

Sitepe yachisanu ndi chimodzi, wailesi ndi nyimbo

Mafoni ambiri, makamaka timafoni ta mabatani, ali ndi FM yosafuna bandulo, mumangolumikiza mahedifoni kuti akhale ngati eriyo. Tsegulani Dzimwe ya ku Monkey Bay, Radio Maria yomwe likulu lake lili konkuno, MBC Radio 1, Zodiak, muzisinthasintha. Mapulogalamu oimba foni ndi abwino kwambiri chifukwa mumamva Chichewa cha maboma onse, wa ku Nsanje, wa ku Ntchisi, wa ku Nkhotakota, aliyense ndi kakomedwe kake. Mverani owulutsa mpira m'Chichewa muphunzire kuthamangitsa chiganizo ndi kuchiimitsa mwadzidzidzi. Sewero la pa wailesi muzimvera mutatsinzina, nkumadzifunsa kuti ndadziwa bwanji kuti munthuyu walowa m'nyumba, ndadziwa bwanji kuti ndi usiku, poti palibe chomwe ndaona. Olo mauthenga a maliro ndimamvera, mayina a midzi ndi a mafumu ndimawatola kumeneko.

Nyimbo yambani ndi za pabwalo musanapite pa YouTube. Beni akamavina pafupi pitani, muone mayunifomu ndi maudindo a chisilikali aja, gule ameneyu anatengera perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda koma nyimbo zake zimakamba za m'mudzi, wina akalakwitsa chaka chino chaka chamawa aimbidwa. Sikiri wa Asilamu, ngati mwaloledwa kuima pafupi, mverani mmene mpweya wokha wa m'chifuwa umasandukira ng'oma. Kwaya ya amayi pa maliro usiku, nyimbo za alovi pokoka khoka, za ana posewera, zonsezi ndi sukulu.

Nyimbo iliyonse yomwe yakugwirani muimvere katatu. Koyamba ingosangalalani nayo. Kachiwiri lembani mawu ake onse, muona kuti nyimbo zambiri zomwe zimatiliza zili ndi mizere isanu kapena isanu ndi umodzi yokha yobwerezedwa, nde mudzifunse kuti inuyo masamba atatu mukuwafuniranji. Kachitatu tsatani chida chimodzi chokha, ng'oma yaing'ono kapena besi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza.

Mukakhala ndi bandulo, makamaka ija yotchipa ya usiku, musaimalizire pa mavidiyo ongodutsa. Lembanitu m'kope zinthu zitatu zoti mufufuze musanayatse data. Fufuzani nyimbo zakale za banjo, za bangwe, kwela ya ku Chileka, komanso zomwe Hugh Tracey, katswiri wotolera nyimbo za mu Africa, anajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950, zomwe zimasungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, mumva mawu a anthu a msinkhu wa agogo a makolo athu akuimba ngati ali panja pomwepa. Koma za oimba omwe ali moyo, mukakhala ndi kangachepe gulani kwa eni ake kapena pitani ku shoo yawo, zongodzazitsa memore kwa oberna nyimbo woimba sapezapo olo kobiri, ndipo mawa mudzakhala inuyo.

Sitepe yachisanu ndi chiwiri, tsopano lembani

Pakatha masabata atatu kapena anayi kope likhala litayamba kulemera. Sankhani tsiku limodzi pa sabata ndi nthawi yake yosasintha, ine ndimakonda mmamawa kusanatenthe, ena amakonda Lachisanu akachoka ku mzikiti kapena Lamulungu masana. Foni ikhale chipinda china. Tsegulani kope mutole zinthu zitatu za masamba otalikirana zomwe sizikugwirizana nkomwe, mwachitsanzo mawu a mayi wa pa doko, funso lomwe agogo anakana kuyankha, ndi dzina la boti. Ntchito yanu ndi kupeza njira yoti zitatuzi zikumane pa tsamba limodzi. Mphindi 30 zokha, osafufuta, osabwerera mmbuyo, olo zikuoneka zopanda mutu. Chiyankhulo chomwe nkhani yabwerera ndi chomwecho mulembere, ikabwera m'Chiyao musaikakamize Chichewa, ikabwera m'Chichewa musaiveke Chingerezi kuti ioneke yophunzira.

Mukatero itsekeni masiku atatu. Tsiku lachinayi muiwerenge mokweza nokha, paliponse pomwe lilime lapunthwa ikani chizindikiro, mukonze. Chotsani mzere woyamba muone ngati nkhani yavulala, nthawi zambiri siivulala, timachedwa ndi malonje. Miyambi musaiunjike, umodzi woikidwa pamalo pake ndi wokwana, ndakatulo zambiri zomwe ndimamva pa zochitika zimakhala miyambi yokhayokha yolumikizidwa ndi ulusi, za wolembayo mulibemo.

Kenako kawerengereni munthu yemwe si wolemba, mayi anu akusankha mpunga, kapena mnzanu wa kabaza akudikira kasitomala. Musamufunse kuti zili bwanji chifukwa adzangoti zili bho kuti musakhumudwe. Muziyang'ana manja ake. Akasiya kusankha mpunga uja nkukufunsani kuti nde kenako zinatha bwanji, pamenepo mwagwira. Akapitiriza ntchito yake osadzutsa mutu, bwererani ku kope. Zikapsa jambulani mawu anu pa foni mutumizire anzanu a gulu la mabuku lija, tumizani ku nyuzipepala zomwe zimasindikiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi, kapena pitani nokha ku wailesi ya m'dera mukafunse ngati ali ndi pulogalamu ya alakatuli. Zikayamba kuchuluka mufunse za Malawi Writers Union, komanso za COSOMA yomwe imateteza umwini wa ntchito za aluso, ndipo kope lanu la madeti lija lidzakhala umboni woti munayamba ndinu.

Mnyamata uja anabweranso patatha masabata atatu, kope lili m'kapepala ka shuga monga ndinamuuzira, masamba khumi ndi awiri odzaza. Zambiri anatola pachigayo pomwe amayi ake amamutuma Loweruka lililonse, ndipo anali atalemba tsamba limodzi ndi theka za mtsikana amene amabwera ndi chimanga chochepa kwambiri moti amadikira onse achoke kaye kuti asamuone. Anandiwerengera pakhonde, mawu akunjenjemera, azakhali ake anasiya kupala chambo nkumufunsa kuti mtsikanayo ndi wa kwa ndani. Loweruka likubwerali tapangana kuti tilawire limodzi ku Malombe, akufuna akacheze ndi wobira nkacha.